Dzino likagwa ndi muzu wake musaliponye padenga

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinenepo za mano a ana, poti kwathu kuno ku Kasungu mwana akagweluka timangoseka n'kumuuza akaponye padenga basi.

Mwana wa achemwali anga anagweluka dzino lakutsogolo lam'munsi ali ndi zaka ziwiri zokha, sanagwe sanamenyedwe, amangodya nthochi dzino lija n'kutsalira m'nthochimo. Ndiye linatuluka lathunthu ndi muzu wake wautali ngati kachinangwa, iye osalira n'komwe, chonsecho mano a ana amayamba kugweluka cha m'ma zaka 6 ndipo limagwa ndi kamutu kokha muzu utasungunuka kale. Chaka chisanathe ena atatu anatsatira. Agogo ake amvekere ndi maswiti, ena kumbali akuti ndi tsempho, moti alamu anga anatukwanidwa zosayamba, banja linatsala pang'ono kutha. Kuchipatala chakufupi anangotipatsa panado n'kuti azitsuka mkamwa.

Mwayi wake achemwali anasunga dzino limodzi m'kabokosi ka machesi. Dokotala wa mano ku Lilongwe ataliona anati tikayezetse magazi, m'pomwe tinamva dzina loti hypophosphatasia. Ndi matenda akumtundu, osowa kwambiri, thupi silipanga mokwanira ka enzyme kotchedwa alkaline phosphatase, pa pepala la ku labu amalemba ALP, komwe kamalimbitsa mafupa ndi mano, ndiye muzu sugwirana bwino ndi fupa la nsagwada, dzino limangokhala ngati mtengo wozika pamchenga. Ena miyendo imapindika, ena mafupa amathyoka chisawawa. Ife tinayang'anizana, paja alamu anga nawo mano anayamba kugwedera adakali mnyamata.

Mankhwala alipo, asfotase alfa, anavomerezedwa ku America mu 2015, koma mtengo wake ngakhale mutagulitsa fodya wa mudzi wonse simungafikepo, ine izo sindikupempha ayi. Pempho langa ndi laling'ono. Alangizi a zaumoyo kusikelo, mukamamukweza mwana pa sikelo muzimuyasamitsako, dzino likasowa asanakwane zaka 5 funsani linagwa bwanji. Achipatala nanunso, ALP ija musamangoithamangira ikakwera, ikatsikitsitsa nayo ili ndi nkhani. Ndipo poti kuyambira 2019 Malawi muno tikuphunzitsa tokha madokotala a mano, atumizeniko kuno kumaboma, thiransipoti ya ku Lilongwe anthu awiri kupita ndi kubwera inatidyera thumba la chimanga.

Mwanayo pano ali sitandade 1, nsima timamupotolera yofewa.

Mayi aang'ono odandaula,
Chamama, Kasungu