Kwa mwana wanga amene wapatsidwa udindo ku chipani

Mwanawanga,

Foni yako nthawi zonse ili bize ndiye ndangoti ndilembe pompano uwerenge ukapeza mpata. Zoti akusankha kukhala mkulu wa amayi mchipani kuno ku Lilongwe tasangalala nazo tonse, adadi ako mpaka auza tchalitchi chonse. Koma ine ndili ndi mau, ndipo usandiyankhe ndi ka emoji ka manja kaja ayi.

Udindo umenewu ndimaudziwa. Mzipani zathuzi, chilichonsecho, mkulu wa amayi ntchito yake imathera pogawa zitenje, kusaka malole okatenga amayi ku Kawale ndi ku Mchesi, kuyambitsa nyimbo pa eyapoti bwana akamatsika ndege. Ifetu tinavina nthawi ya Kamuzu, mbumba, nsalu ya nkhope yake mchiuno, kuyambira mmawa dzuwa lili phwee, ndipo palibe anatifunsako maganizo pa kanthu kalikonse. Matipate inabwera, nsalu zinasintha mtundu koma ovina ndi omwewo, okhala pa mipando mu shedi ndi omwewonso. Ndiye ukangovomera kukhala wa zitenje basi zaka zisanu zidzatha uli ndi mau osasa ndi zithunzi pa Facebook.

Komwe ndikufuna ukakakamire ndi mchipinda momwe amakonzera mapulayimale, chisankho cha amene adzaimire chipani. Mzimayi amagwera pamenepo, tsiku lovota lisanafike nkomwe. Amasintha malo usiku, amabweretsa madeligeti achilendo, mnzake wamwamuna ali ndi ndalama zogulira anyamata mowa, ndiye akaona kuti mayiyu ali ndi anthu amayamba zija zoti ndi hule, ukwati unamukanika, akuyenda ndi bwana uje. A MEC, bungwe loyendetsa zisankho, amatsitsa ndalama yolembetsera kwa amayi, chabwino, nanga ngati chipani chamugwetsa kale atsitsira ndani? Mu 2014, pulezidenti ali mzimayi, mayi Joyce Banda, aphungu aakazi analowa 32 okha mwa 193. Lamulo lija la 2013 la Gender Equality Act limati polemba anthu ntchito m'boma amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100, koma silikakamiza zipani posankha oimira. Ndiye 50:50, zoti amayi ndi abambo achuluke mofanana pa maudindo, mudzaimba mpaka kukalamba ngati malamulo a chipani chanu simuwagwira. Pempha malamulowo, uwawerenge ndi pensulo mmanja, udziwe kuti amalemba mndandanda wa madeligeti ndi ndani. Ndipo ku komiti usakhale iwe wothira tiyi tsiku ndi tsiku, manja ali nawo.

Tulutsa K200 mchikwama uone nkhope ya mayi Rose Chibambo. Mu 1959 atsamunda anawatengera kundende ya Zomba ali ndi khanda longobadwa kumene, koma amene anadzawathamangitsa mdziko pa mkangano wa nduna wa 1964 ndi chipani chawo chomwe chimene anachivutikira, mpaka anakhala ku Zambia pafupifupi zaka 30. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi mdziko muno, anagwidwa 1981 nkudzatuluka 1993. Sindikukuopseza, ndikungoti nkhonya zambiri zidzachokera kwa anzako ovala nsalu yofanana ndi yako. Chilichonse mwagwirizana chizilembedwa, ndipo ndalama za chipani usazisunge mu Airtel Money yako olo tsiku limodzi.

Chinanso, amayi ovina aja usawaderere. Ndakumvapo ukuyankhula chizungu cha mmawekishopu a mmahotela, jenda uku jenda uko, ine mayi ako ndimangogwedeza mutu. Mzimayi wogulitsa tomato ku Lizulu amavina chifukwa pamapeto pali chitenje ndi ya transipoti, si wopusa. Khala naye pansi umuuze zomukhudza. Umuuze kuti lamulo la 2011 limati achibale a mwamuna akabwera maliro asanathe nkomwe kudzanyamula sofa, malata ndi mapepala a puloti, umenewo ndi mlandu, apite ku polisi. Umuuze kuti mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa, lamulo la 2015 linatero ndipo 2017 anasinthanso malamulo aakulu a dziko. Ambiri sadziwa zimenezi, amangolira. Amayi omwewo ukawathandiza pa nkhani ya puloti ndi amene adzakuyimirire tsiku lomwe akuluakulu adzafune kukuchotsa.

Mkamwini wanga naye azimva zambiri, anzake azimuseka kuti anadya khuzumule. Sindikuti uzipempha chilolezo, koma komwe ukupita azimva kwa iwe, osati pa gulupu ya WhatsApp. Misonkhano yausiku uzipita ndi mzimayi mnzako ndipo pobwerera usakwere kabaza wosamudziwa.

Kampeni ikatentha ana ubwere nawo kuno ku Area 25, sukulu azichokera konkuno, bola uzitumiza ya shuga ndi makala. Loweruka ndili pakhomo, ubwere ndi malamulo a chipani aja tiwerengere limodzi, magalasi anga ndinakonzetsa.

Ndine mayi ako.