Mwana wolephera masamu si wouma mutu, onani pomwe wakodwa

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhuleko ndi makolo anzathu a ku Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Mbare ndi Epworth, kuno ku Harare, komwe Chichewa chikumvekabe m'makomo. Ndife aphunzitsi a ku pulayimale ndipo nkhani yathu ndi ya masamu. Mayeso a Giredi 7 a ZIMSEC, bungwe loona za mayeso ku Zimbabwe kuno, akayandikira, makolo amathamangira kukagula mapepala a mayeso akale ndi kulipira maphunziro apadera. Zotsatira zikabwera, masamu ali pa 7 kapena 8 (1 ndiye kukhoza bwino kwambiri, 9 ndiye kulephereratu), mlandu wonse umagwera mwana, ati ngouma mutu. Chonsecho ambiri mwa anawa anakodwa kale ku Giredi 2 kapena 3, ndipo palibe anaona pomwe anakodwapo. M'mera mpoyamba. Mapepala akale sangakonze zimene zinapindika zaka zinayi zapitazo.

Yankho lolakwa limaulula zambiri kuposa lolondola, mukalipenya bwino. Mpatseni mwana 52 kuchotsa 27. Akalemba 35, sikuti walota. Waona kuti 7 sangachoke pa 2, ndiye watembenuza, wachotsa 2 pa 7 n'kupeza 5, kenako 2 pa 5 n'kupeza 3. Kwa iye 52 ndi manambala awiri okhala moyandikana basi, sakudziwa kuti 5 uja akuimira makumi asanu. Mwana yemweyu mukamupatsa 47 kuphatikiza 38 amalemba 715, ndipo mukamuuza kuti alembe 305 amalemba 3005. Matenda ndi amodzi.

Mankhwala ake safuna ndalama. Pezani timitengo ta machesi kapena tamasache, mumange khumikhumi ndi ulusi kapena kamphira. Mtolo umodzi ndi khumi. Mwana ayale mitolo isanu ndi timitengo tiwiri, anene mokweza zimene wayala. Muuzeni achotse timitengo 7. Adzaima kaye, ndipo apa ndi pofunika kuugwira mtima: musamuuze chochita. Mulekeni mpaka aganize yekha zomasula mtolo umodzi. Akamasula, ali ndi mitolo inayi ndi timitengo 12. Achotse 7 patsale 5, achotse mitolo iwiri patsale iwiri, yankho 25. Akachita izi ndi manja kangapo, ndiye alembe m'kope, ndipo chilichonse chimene dzanja lachita pa mphasa chioneke pa pepala: kudula 5 n'kulemba 4 ndiko kumasula mtolo kuja. Timati kubwereka, koma palibe chobwezedwa, n'chifukwa chake ana ena amasokonezeka. Auzeni kuti akumasula.

Pa ziro ndi pomwe pamagwa ambiri. Tengani 403 kuchotsa 168, yankho lake 235. Wolemba 365 akadatembenuzabe manambala, abwerere ku mitolo. Wolemba 335 wadziwa kuti ziro asanduka 9 koma waiwala kuti 4 uja wachepa. Wolemba 245 wamasula zana kukhala makumi khumi, koma sanachotsepo khumi limodzi lomwe wapereka kwa 3. Ana atatu, mavuto atatu osiyana, koma m'kope onse alandira mtanda wofiira wofanana. Mphunzitsi wa kalasi yodzaza sapeza nthawi yofunsa aliyense kuti wafika bwanji pa yankho lake, pomwe kholo lili ndi mwana mmodzi patsogolo pake. Funso lake ndi lomwelo: tandionetsa, wayenda bwanji? Kenako aphunzire kudziyesa yekha pophatikiza yankho ndi nambala yomwe wachotsa. 235 ndi 168 zibwerere pa 403, zikapanda kubwerera pali polakwika. Gulaninso kope la timabokosi, nambala imodzi m'kabokosi kamodzi, chifukwa zolakwa zina zimangochokera pa mizere yopendekeka.

Za matebulo a kuchulukitsa tili ndi mawu kwa aphunzitsi anzathu omwe. Kuimbitsa kalasi yonse m'mawa kumakoma m'makutu, koma mwana woimba bwino tebulo la 7 mukamudzidzimutsa ndi 7 × 6 amayambira pa 7 × 1 kukwera pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Pa mayeso nthawi imathera pamenepo. Matebulo asaphunzitsidwe motsata nambala. Yambani ndi 2, 10 ndi 5. Tebulo la 4 ndi la 2 lowirikiza, la 8 ndi la 4 lowirikiza, la 6 ndi la 3 lowirikiza. La 9 ndi la 10 kuchotsapo kamodzi: 9 × 7 ndi 70 kuchotsa 7. Mwana ayale zitsekerero za mabotolo mizere itatu ya zinayizinayi, kenako azione ali chammbali, adzionere yekha kuti 3 × 4 ndi 4 × 3 n'chimodzi. Akadziwa zimenezi, masamu 100 a matebulo a 1 mpaka 10 amatsika kufika pa 55, ndipo mukachotsapo a 1, 2, 5 ndi 10 amatsala 21 okha. Amenewa alembeni pa timapepala, funso mbali ino yankho kuseri, muzifunsa mosakaniza, atatu kapena anayi atsopano pa sabata. Akaiwala 7 × 8 asayambire pansi, aphwanye: 5 × 8 ndi 40, 2 × 8 ndi 16, zonse 56.

Kugawa sikuvuta kwa mwana wodziwa matebulo, kupatula ziro yemweyo. Pa 618 kugawa ndi 6 ambiri amalemba 13 m'malo mwa 103, chifukwa ataona kuti 6 salowa mwa 1 anangodumpha osalemba ziro. Azolowere kuyerekeza asanayambe: 600 kugawira anthu 6 aliyense alandira 100, ndiye yankho silingakhale 13.

Mafulakishoni amafuna pepala ndi lumo osati malamulo oloweza. Mwana amene akuti 1/8 ndi wamkulu kuposa 1/4 poti 8 aposa 4, mpatseni timizere tiwiri ta pepala totalika mofanana, kena apinde panayi kena pasanu ndi patatu, ayerekeze zidutswazo. Winanso amaphatikiza 1/2 ndi 1/3 n'kupeza 2/5, wangowonkhetsa zam'mwamba pazokha ndi zam'munsi pazokha. Mufunseni ngati 2/5 akufika theka. Sakufika. Nanga theka ungaliwonjezere kanthu n'kukhala lochepa? Apinde pepala magawo 6, aone kuti theka ndi magawo atatu, 1/3 ndi magawo awiri, zonse 5/6. Lamulo lofananitsa manambala am'munsi libwere pambuyo pake, likadzapeza kale pokhala.

Kale madesimo ankalowa mosavuta kudzera m'ndalama zachitsulo. Lero mu Harare muno dola ya ku America ikuyenda limodzi ndi ZiG, ndalama ya dziko lino yomwe inabwera mu 2024, masenti saoneka, ndipo pena chenji chimabwera ngati maswiti. Mwana amakula osagwirapo masenti 25, ndiye n'zosadabwitsa akamati 0,25 aposa 0,5. Dulani timapepala mulembepo 10c, 25c, 50c ndi $1, mutsegule kagolosale pakhonde, iye akhale wogulitsa wobweza chenji. Miyeso nayo ili m'khitchini kale: paketi ya shuga ya 2 kg, thumba la ufa la 10 kg, botolo la mafuta ophikira la malita awiri. Botolo lija likatha, alidzaze madzi ndi kabotolo ka 500 ml, awerenge kuti kalowa kangati. Nthawi ili ndi msampha wakewake. Basi yochoka ku Mbare 8:40 n'kuima 10:15 yayenda ola limodzi ndi mphindi 35, koma mwana wozolowera makumi amalemba 1:75 poiwala kuti ola limamasuka kukhala mphindi 60. Awerenge chokwera: mphindi 20 kufika 9:00, ola kufika 10:00, kenako mphindi 15.

Ana athu kunyumba amamva Chichewa, panja amasewera m'Chishona, mayeso a masamu amabwera m'Chingerezi. Ambiri amagwa pa mafunso a nkhani ngakhale kuwerengera akukutha. Ena anaphunzitsidwa kusaka mawu amodzi, akaona more aphatikize, akaona left achotse. Njira imeneyi ndi yoopsa. Funso likati mtsikana ali ndi malalanje 12 ndipo aposa a mchimwene wake ndi 5, wosaka mawu aona more n'kupeza 17 pomwe yankho ndi 7. Pensulo ikhale pansi mpaka mwana atafotokoza nkhaniyo m'chiyankhulo chimene amaganizira, anene zomwe wapatsidwa ndi zomwe akufunsidwa, ajambule kachithunzi. Apa ngakhale agogo amene sanapite patali ndi sukulu angathandize, chifukwa nkhani ikapotoka amaimva. Chichewa chili m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino a 2013, palibe chochitira manyazi kuwerengera nacho.

Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka. Zisanu zikhale za matebulo, khumi za masamu asanu olemba: atatu a zomwe akuphunzira sabata imeneyo, awiri a zakale. Muwaonere pomwepo, chifukwa mwana wochita masamu 30 mwa njira yolakwa wangoikhwimitsa njirayo. Foni ndi kakyuleta zikhale kutali, chikwapunso chimodzimodzi, mwana wamantha amangolota mayankho kuti zithe. Ndipo inu amayi ndi abambo, lekani kunena pamaso pa ana kuti masamu kwathu kuno sitiwatha.

Pempho lathu kwa inu a Mkonzi ndi lakuti mutipatseko kadanga kochepa sabata iliyonse, tiziikamo masamu asanu a Giredi 3 mpaka 7 ofotokozedwa m'Chichewa, pamodzi ndi mayankho olakwa omwe ana amakonda kulemba ndi gwero lake, kuti kholo likaona 365 m'kope lizidziwa poyambira.

Ndife,
Aphunzitsi a masamu a ku pulayimale,
Harare