Lipoti la msonkhano wa matenda a Crohn umene munandituma ku Lilongwe

A wapampando ndi nonse a gulu lathu la odwala m'matumbo kuno ku Ntcheu, ndabwerako. Funso limene munandituma nalo ndinalifunsa tsiku loyamba lomwe: kodi munthu akasamala kadyedwe angasiye mankhwala? Adokotala anati ayi, ndipo nditamva chifukwa chake ndinagwirizana nawo.

Matendawa, amene Burrill Crohn ndi anzake anawafotokoza mu 1932 ku New York, amabwera pamene chitetezo cha m'thupi chatembenukira matumbo a mwini wake, n'kumawatupitsa ndi kuwachititsa zilonda, kawirikawiri kumapeto kwa matumbo aang'ono. Chakudya chimachepetsa ululu ndi kubwezeretsa thupi, koma chimene chimagwira chitetezocho ndi mankhwala: prednisolone matenda akabuka, azathioprine kapena methotrexate kuti asabukenso. Azathioprine amatenga miyezi 2 kapena 3 asanayambe kuoneka ntchito yake, ndiye inu amene munadandaula kuti mwamwa milungu itatu osaona kusintha, chonde musawataye. Prednisolone nayenso sasiyidwa mwadzidzidzi. Adokotala ndi amene amachepetsa pang'onopang'ono.

Pa kadyedwe ndi pamene tinakhalitsa. M'mimba mukavuta, idyani zofewa, pang'ono koma kangapo patsiku: phala, nsima ya ufa woyera m'malo mwa mgaiwa, maungu, nthochi zakupsa, mazira, nsomba. Kachewere wathu wa ku Tsangano ndi wabwino mukamusenda n'kumuwiritsa, osati tchipisi cha pachiwaya. Nyemba phikani chipere kuti makoko achoke. Chimanga chokazinga, mtedza wokukuta ndi kabichi wosaphika zingathe kutseka njira kwa amene matumbo awo anapanikizika. Koma mukapeza bwino, bwezerani zakudyazo chimodzichimodzi, n'kumalemba m'kope chimene chakusautsani. Apa mtima unandipweteka, chifukwa pakati pathu alipo amene anasala pafupifupi chilichonse n'kutsala ndi phala lokha. Kutero n'kumene kumaondetsa ndi kuchepetsa magazi, pamene matendawa amalanda kale ayironi ndi vitamini B12.

Chimene sindinkachiganizira ndi ichi: mankhwala akatsitsa chitetezo, kachilombo kamene mnzako sakamva n'komwe, iwe kamakugoneka. Madzi akumwa tiziwiritsa kapena kuthira klorini. Mkaka wokama uziwira. Tomato ndi ndiwo zamasamba za pa Lizulu tizitsuka ndi madzi abwino, ndipo kanyenya wofiira m'kati tisamuyandikire. Amene muli pa azathioprine muziyezetsa magazi monga anakuuzirani, chifukwa amatha kutsitsa maselo oyera ndi kuvuta chiwindi munthu osamva kanthu. Amayi amene mukufuna kutenga pakati muli pa methotrexate, kambani ndi adokotala kaye, chifukwa mankhwalawa amawononga mwana m'mimba.

Anatichenjezanso za TB. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn, ndipo mankhwalawa angadzutse TB yogona. Chifuwa chosatha, thukuta la usiku kapena kutentha thupi, pitani kuchipatala msanga ndipo nenani mankhwala amene mukumwa. Brufen ndi diclofenac amatha kudzutsa matenda a Crohn, Panado ndiye abwinoko. Fodya amawakulitsa.

Ndalama zotsala paulendo ndapereka kwa a msungichuma. Tikadzakumana mwezi wamawa, aliyense adzabwere ndi kope lake ndi mapaketi a mankhwala amene akumwa.