Mkonono wina ndi matenda, adokotala ndi a mano azimvana

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo za mkonono. Kuno ku Joni ambirife timagona anayi asanu chipinda chimodzi ndiye tulo ta mnzako umatidziwa kuposa mwini wake. Mkonono wamba ulipo, koma palinso uja munthu amauliza kenako zii osapuma, mwadzidzidzi n'kubwanyuka ngati watsamwa, kutembenuka, n'kuyambiranso. Timangoseka koma amenewo ndi matenda, kuchipatala amati obstructive sleep apnea. Minofu ya kummero imalefuka, lilime limagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya masekondi 10 kapena kuposa, zikamachitika kopitirira ka 30 pa ola ndiye kuti zafika poipa. Zimakweza BP, zimatha kubweretsa sitiroko, nanga taganizani dalaivala wa thiraki kapena wa basi yopita ku Blantyre akusinza pachiwongolero atangodutsa Beitbridge.

Adokotala nthawi zambiri amalembera CPAP, makina okankha mpweya kudzera m'maski aja anayambitsa Colin Sullivan ku Sydney mu 1981. Amagwiradi ntchito osanama, koma ndi odula, amafuna magetsi (za magetsi akuno tisayambe n'komwe) ndiponso ena maskiyo imawasowetsa mtendere mapeto ake makinawo amathera pansi pa bedi. Zomwe ambiri sanauzidwe n'zoti dokotala wa mano amapanga kachipangizo kovala m'kamwa pogona, kamakankhira nsagwada ya m'munsi kutsogolo pang'ono kuti kummero kusatsekeke. Kamathandiza makamaka vutoli likakhala kuti silinakule, kapena kwa amene CPAP yawakanika.

Ndiye dandaulo langa ndi loti awiriwa azilumikizana, wodwala asamakhale mtenga woyenda ndi uthenga wapakamwa. Adokotala ayambe akuyeza tulo n'kulemba kalata, a mano aone ngati mano ndi nkhama zili zolimba poti kachipangizoka kamagwira m'mano momwemo ndipo pakapita nthawi kamatha kuwasuntha kapena kupweteketsa nsagwada, akamaliza kukakonza munthu abwererenso kukayezetsa tulo, chifukwa mkonono utha kusiya koma kubanikako kulipobe. Tizipangizo tija tapulasitiki tovala m'kamwa togula pa intaneti toviika m'madzi otentha ine sinditikhulupirira, palibe amene wakuyeza.

Azimayi ndi inu ogona limodzi, mujambuleni pafoni akamabanika, akakaonetse kukiliniki. Mwini wake amakanitsitsa kuti iye saliza mkonono.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg