Kodi gawo lakale lowonjezera pa gemu n'loyenera kuligula?

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga pa funso limene limabuka kawirikawiri pakati pa anthu okonda magemu apakompyuta, makamaka pa nthawi imene masitolo a pa intaneti monga Steam atsitsa mitengo. Funsolo n'lakuti, kodi munthu angachite bwino kugula gawo lowonjezera, limene osewera amalitcha DLC, ngati gawolo linatuluka zaka 8 kapena 10 zapitazo? Ndikunena makamaka za magemu aja amene munthu amayamba alibe kanthu, n'kumatola nkhuni ndi miyala, kufunafuna chakudya, kumanga pogona ndi kudziteteza ku zilombo, cholinga chachikulu chili kungokhala ndi moyo. Mayankho amene anthu amapatsana nthawi zambiri amakhala awiri okha. Ena amati chakale n'chakale, usataye ndalama, pamene ena amati popeza mtengo watsika, ingogula. Ine ndikuona kuti mayankho onse awiriwa salondola, chifukwa onse amayang'ana msinkhu wa gawolo ndi mtengo wake, n'kusiya kufunsa ngati zimene gawolo linabweretsa zikadali zosowa lero.

Kukoma kwa magemu amtunduwu kumagona pa kusadziwa. Masiku oyamba munthu amafa ndi njala, amafa ndi chisanu, amadya chinthu chimene sanayenera kudya, ndipo imfa iliyonse imamuphunzitsa kanthu. Koma akafika podziwa pamene pali chakudya, nthawi imene zilombo zimabwera ndiponso chida chimene ayenera kuyamba kupanga, mantha amatha, ndipo gemu imasanduka ntchito yobwerezabwereza. Gawo lowonjezera labwino limam'bwezera munthu ku umbuli uja, limam'chititsa kuti ayambirenso kufa mopusa. Zimenezi sizikalamba. Ngati munthu sanaliseweko gawolo, kwa iye n'latsopano, ngakhale litakhala la mu 2014.

Chitsanzo chomveka bwino ndi Reign of Giants, gawo limene kampani ya ku Canada ya Klei Entertainment inatulutsa mu 2014 powonjezera pa gemu yake ya Don't Starve, yomwe inatuluka mu 2013. Gemu yoyambayo inali ndi nyengo ziwiri zokha, ndipo vuto lalikulu linali chisanu. Munthu akangodziwa kusunga chakudya ndi kupanga zovala zofunda, chaka chonse ankangochidutsa. Reign of Giants inabweretsa nyengo zinayi, ndipo iliyonse ili ndi msampha wake. M'nyengo ya mvula wosewera amanyowa, ndipo kunyowako si nkhani yongooneka ndi maso: nkhwangwa imaterereka n'kugwa m'manja ali mkati modula mtengo, thupi limayamba kuzizidwa ngakhale kulibe chipale, maganizo amasokonezeka, ndipo nthawi zina achule amagwa kuchokera kumwamba ngati mvula, n'kuyamba kumulanda katundu. M'chilimwe zinthu zimatembenuka. Moto umene unali bwenzi umakhala mdani, mbewu zimafota, ndipo zinthu zimene munthu wamanga kwa maola ambiri zimayamba kufuka utsi zokha, kenako n'kuyaka. Amene sanakonzeretu makina ozimitsa moto otchedwa Ice Flingomatic amangoonerera mudzi wake wonse ukupsa. Pamwamba pa zimenezi pali zimphona za nyengo, zomwe ndi Bearger, Moose/Goose ndi Dragonfly, zowonjezera pa Deerclops yemwe analipo kale m'nyengo ya chisanu, komanso anthu awiri atsopano a m'gemumo amene wosewera angasankhe kukhala, Wigfrid amene amadya nyama yokha ndi Webber amene amagwirizana ndi akangaude.

Chimene chimapangitsa gawo limeneli kukhala laphindu mpaka lero n'chakuti silinangowonjezera malo atsopano pambali, koma linasintha gemu yonse kuyambira tsiku loyamba. Kwa munthu amene amasewera Don't Starve yekha, ndinganene mosazengereza kuti Reign of Giants ndi yoyenera kugula, ndipo ndikuganiza kuti gemuyo popanda gawoli imakhala ngati yosamalizidwa.

Komabe apa ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. Mu 2016 Klei inatulutsa Don't Starve Together, gemu yapayokha yosewera ndi anzako pa intaneti, ndipo zambiri za mu Reign of Giants, monga nyengo zinayi zija, zimphona komanso Wigfrid ndi Webber, zinalowa m'menemo popanda kulipira kena. Ndiye munthu amene ali ndi Don't Starve Together, ndipo ndi imene amasewera, akagula Reign of Giants amakhala wagula zinthu zimene ali nazo kale, ndiponso gawolo silingagwire ntchito pa gemu yakeyo, chifukwa linapangidwira gemu yosewera wekha. Mayina a magemu awiriwa ndi ofanana kwambiri moti kusokoneza n'kosavuta, ndipo tsamba la sitolo, ngakhale limalemba gemu imene gawolo limafuna, silim'chenjeza munthu kuti zimene akugulazo ali nazo kale kwina.

Shipwrecked, gawo lachiwiri la Don't Starve yosewera wekha ija, limene linamalizidwa mu 2016 mothandizana ndi kampani ya Capybara Games, nkhani yake ndi yosiyana. Limam'tengera wosewera ku zilumba, kumene amayenda pa mabwato, amalimbana ndi mphepo zamkuntho, madzi osefukira komanso phiri lophulika limene limagwetsa miyala pa zimene wamanga. Dziko la zilumbali silinasamutsidwe lathunthu kupita ku Don't Starve Together, kotero amene akulifuna ayenera kuligula ndithu. Chimodzimodzinso Hamlet ya mu 2019, ya mizinda ya nkhumba ndi ndalama zake. Koma magawo awiriwa sindingam'limbikitse munthu amene sanathe ngakhale chaka chimodzi mu gemu yoyamba, chifukwa angokhala akuwonjezera mavuto pa mavuto amene sanawagonjetse.

Tsopano tione chitsanzo chimene chimasonyeza mbali ina ya nkhaniyi, chomwe ndi Scorched Earth, gawo loyamba lolipira la gemu ya ARK: Survival Evolved ya kampani ya Studio Wildcard. Gawoli linatuluka mu Seputembala 2016, ndipo linadzetsa mkangano waukulu chifukwa kampaniyo inayamba kuligulitsa pamene gemu yeniyeniyo inali isanamalizidwe, popeza inadzatuluka yathunthu mu Ogasiti 2017. Mkanganowo unapita, ndipo sindikufuna kuudzutsa. Chofunika n'chakuti pa nthawiyo Scorched Earth inali ndi zinthu zimene sizinkapezeka kwina kulikonse. Ndi chipululu, madzi ndi osowa, ndipo munthu amayamba ndi kudalira timadzi ta m'zomera zaminga asanafike pokumba chitsime. Nyumba ya miyala kapena yachitsulo imatentha kwambiri mkati, motero amayenera kumanga ya dothi. Mphepo ya mchenga imam'fooketsa n'kumutsekereza maso, ndipo mphepo ya ziphaliwali imazimitsa zipangizo zamagetsi. Pali kanyama kotchedwa Jerboa kamene munthu amakanyamula paphewa, ndipo kamasintha kalilidwe kake nyengo ikamasintha, moti wosewera wodziwa amathawira m'nyumba mphepo isanafike. Koma chimene ambiri ankaligulira gawoli chinali Wyvern, chilombo chouluka chimene sichiwetedwa chachikulu: munthu amayenera kulowa m'chigwa momwe zimaikira mazira, kuba dzira limodzi, kuthawa zazikuluzo zikumuthamangitsa, kenako n'kupeza mkaka wake woti alerere kamwanako.

Vuto n'lakuti mu 2017 kunabwera mapu aulere, kutanthauza dziko lina losewereramo, otchedwa Ragnarok, amene ali ndi dera lake la chipululu ndiponso zilombo za Wyvern zomwezo, ndipo pambuyo pake mapu ena aulere anabweranso ndi zilombo zambiri zimene poyamba zinkapezeka m'magawo olipira. Ndiye chifukwa chachikulu chimene anthu ankagulira Scorched Earth chinatha mphamvu pasanathe chaka. Kenako kumapeto kwa Seputembala 2023 kampaniyo inatseka maseva ake a ARK: Survival Evolved, omwe ndi makompyuta amene anthu ankalumikizana nawo posewera limodzi pa intaneti, ndipo mwezi wotsatira inatulutsa ARK: Survival Ascended, yomwe ndi gemu yomweyo yokonzedwanso mwatsopano ndipo imagulidwa payokha. Mu gemu yatsopanoyi mapu a Scorched Earth anaperekedwa mu 2024 kwa aliyense amene anagula gemuyo, popanda kulipira kena, ndipo zimene munthu anagula pa gemu yakale sizisamukira ku yatsopanoyo. Choncho amene lero akuona Scorched Earth yakale ili pa mtengo wotsika, n'kumaganiza kuti wapeza mwayi, ayenera kukumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: akugula gawo la gemu imene eni ake anatseka maseva ake, lomwe mbali yake yokoma kwambiri ikupezeka kwaulere, ndipo anzake ambiri osewera nawo mwina anasamuka kale.

Sindikunena kuti Scorched Earth ilibenso ntchito. Munthu amene kompyuta yake singakwanitse gemu yatsopanoyo, yomwe imafuna makina amphamvu kwambiri, ndipo amasewera yekha kapena pa seva ya anzake, angapezebe chinthu chimene Ragnarok singam'patse. Ku Ragnarok chipululu ndi dera limodzi chabe, ndipo ludzu likakula munthu amangouluka n'kupita kunyanja. Ku Scorched Earth kulibe kothawira. Amene akufuna kuzunzika kwenikweniko, kuyambira wopanda kanthu pakati pa mchenga, aligule gawolo mtengo ukatsika. Koma amene akungofuna kukwera Wyvern asunge ndalama zake. Aganizirenso za malo a pa kompyuta, chifukwa ARK ndi mapu ake onse imapitirira magigabaiti 100, ndipo kudawuniloda zonsezo kumadya nthawi ndi intaneti, zomwe sizilembedwa pa mtengo uja.

Pali chinthu chinanso chimene ogula ambiri amachidalira mopitirira, chomwe ndi lamulo lobweza ndalama. Pa Steam munthu angapemphe kuti am'bwezere ndalama za gawo lowonjezera pasanathe masiku 14, malinga ngati sanasewere gemuyo kupitirira maola 2 chigulireni gawolo. Pa magemu othamangitsa galimoto kapena omenyana, maola 2 ndi okwanira kudziwa ngati chinthu chakukomera. Pa magemu opulumuka si choncho. Tsiku limodzi mu Don't Starve limatenga mphindi 8, ndipo munthu akayambira nyengo yoyoyoka masamba, chilimwe cha Reign of Giants chimafika patadutsa masiku pafupifupi 55, kutanthauza maola oposa 7 akusewera, ndipo apo ndiye kuti sanafe panjira. Pofika nthawi imene akuona chimene anagula, mwayi wobweza unatha kalekale. N'chimodzimodzi ndi dzira la Wyvern, limene wosewera watsopano sangalifikire madzulo amodzi. Pa chifukwa chimenechi kufufuza kuyenera kuchitika munthu asanalipire, ndipo ubwino wa gawo lakale ndi womwewu, wakuti anthu analisewera kwa zaka zambiri ndipo zofooka zake zonse zimadziwika. Ndingochenjeza kuti ndemanga za m'chaka chimene gawolo linatuluka sizithandiza kwenikweni, chifukwa zina zinalembedwa mwaukali pa nkhani zimene zinatha, ndipo zina zimayamikira zinthu zimene lero n'zaulere. Zofunika kuwerenga ndi za miyezi yaposachedwapa.

Ndikudziwa kuti ena anganene kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, popeza magawo akale amatsika mtengo kwambiri, ndipo ngakhale munthu atalakwitsa sataya zambiri. Ine sindikugwirizana nazo. Mtengo wotsika ndi umene umachititsa anthu kugula magawo atatu kapena anayi nthawi imodzi, makamaka akaikidwa m'phukusi limodzi, ndipo ambiri mwa magawowo amangokhala osatsegulidwa, chifukwa magemu amenewa amafuna maola ambirimbiri ndipo munthu sangasewere maiko atatu pa nthawi imodzi. Phukusi limapindulitsa munthu yekhayo amene akudziwa kale kuti adzafika ku gawo lililonse. Kwa ena onse, kugula limodzi, kulisewera mpaka kulitopetsa, kenako n'kudikira kuti mitengo itsikenso, n'kwanzeru kuposa, ndipo masitolo amenewa amatsitsa mitengo kangapo pachaka.

Pempho langa kwa inu, akonzi, n'lakuti mukamalemba za magemu musamangotiuza za amene angotuluka kumene, amenenso nthawi zambiri amafuna makompyuta odula. Owerenga ambiri amasewera magemu a zaka zapitazo, ndipo angathandizidwe kwambiri mutamawafotokozera momveka kuti gawo lakutilakuti limagwira pa gemu iti, ndi zinthu ziti za m'menemo zimene zinaperekedwa kale kwaulere, ndiponso ngati maseva ake akadalipo.

Ndine wanu,
Wowerenga wokonda magemu