Aphungu ndi nduna akakhala amodzi, makhothi amasenza katundu wolemera

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndiyankhepo pa maganizo amene ndimawamva kwa abale ena, akuti mtsogoleri wa dziko akamasankhidwa ndi aphungu sangachite zamwano chifukwa aphunguwo angathe kumuchotsa tsiku lililonse. Zimene zinachitika kuno ku South Africa zikundikayikitsa.

Kuno anthu savotera pulezidenti mwachindunji monga zimakhalira ku Malawi. Amavotera zipani, ndipo aphungu 400 amene amakumana ku Cape Town ndiwo amasankha pulezidenti pakati pawo. Iyeyo posankha nduna amaloledwa kutenga ziwiri zokha kunja kwa nyumba ya malamulo, zina zonse ziyenera kukhala aphungu. Choncho nthambi yopanga malamulo ndi nthambi yoyendetsa boma zimadyera mbale imodzi, ndipo phungu wa chipani cholamula wofuna kudzudzula mtsogoleri amakumbukira kuti dzina lake linalowa pa mndandanda wa aphungu mwa chifuniro cha chipani chimene mtsogoleriyo akuchilamulira.

Nkhani ya Nkandla inaonetsa zimenezi poyera. Mu 2014 mkulu woteteza ufulu wa anthu, mayi Thuli Madonsela, anapeza kuti ndalama za boma zinamangira dziwe losambiramo, khola la ng'ombe ndi zina zosakhudza chitetezo ku Nkandla, kumudzi kwa a Jacob Zuma amene anali pulezidenti nthawi imeneyo, ndipo analamula kuti abweze gawo lina. Aphungu, amene ambiri anali a chipani cha a Zuma cha ANC, anavomereza lipoti la nduna ya apolisi lonena kuti dziwelo ndi losungira madzi ozimitsira moto, namuchotsera mtsogoleri wawo mlandu. Nkhaniyi inakathera ku khothi loona za malamulo oyendetsera dziko ku Johannesburg, lomwe lili pamwamba pa makhothi a majisitireti, khothi lalikulu ndi khothi la apilo la ku Bloemfontein. Pa 31 March 2016 majaji onse, motsogozedwa ndi a Mogoeng Mogoeng, anagamula kuti pulezidenti anaphwanya malamulowo ndiponso kuti nyumba ya malamulo inalephera ntchito yake yomuyang'anira.

A Zuma anabweza ndalama zokwana R7.8 miliyoni chaka chomwecho, koma khothi lilibe mphamvu yochotsa pulezidenti pampando. Nkhani yowachotsa itabwera m'nyumba ya malamulo patapita masiku asanu chigamulo chiperekedwe, aphungu 233 anakana ndipo 143 okha ndiwo anavomera.

Wowerenga wanu,
Johannesburg