Amayi musadandaule, kuno ku Zanzibar tikudya bwino

Okondedwa Amayi ndi Achemwali,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko ku Nkhotakota. Ife kuno tili bwino, ntchito ikuyenda, ndipo mpongozi wanu wayamba kuzolowera kutentha kwa pachilumba pano. Akupereka moni kwa onse.

Achemwali anandiuza pa foni kuti Amayi mukudandaula chimvereni kuti masiku ambiri timadya zogula. Akuti mukuopa kuti ndalama zikuthera m'malesitilanti, ndiponso mukuganiza kuti mwina mpongozi wanu saphika. Pa foni mayunitsi sachedwa kutha, ndiye ndati ndilembe kuti ndifotokoze bwinobwino.

Choyamba, mpongozi wanu amaphika, ndipo Lamlungu nsima sitiphonya. Koma tonse awiri tili pantchito, iye amalowa m'mawa, ine nthawi zina ndimaweruka usiku. Tikukhala m'chipinda chimodzi ku Ng'ambo, tsidya lina la msewu wa Creek Road umene umalekanitsa mzinda wakale wa Stone Town ndi kumene kumakhala anthu wamba. Makala ambiri kuno amabwera pa ngalawa kuchokera kumtunda ku Tanzania, ufa wa chimanga chimodzimodzi, kotero mtengo wake ndi wokwera. Mukawerengera makala, mafuta, tomato ndi ndiwo za anthu awiri okha, mupeza kuti kugula chakudya chophikaphika kumene amagula eni dera kumapulumutsa ndalama. Chinsinsi chake n'chimodzi: kudya kumene akudya anthu a kuno, osati kumene akudya alendo odzaona malo.

M'mawa timagula buledi wa boflo. Ndi timabuledi tating'ono, tolimba kunja koma tofewa m'kati, timene amawotcha mu uvuni wa nkhuni m'mabekale a m'makwalala. Anyamata amatitenga m'madengu pa njinga n'kumagulitsa kukangocha. Mukapita nokha ku bekale mumatipeza tikadali totentha. Palinso buledi wina wophwatalala wothira chitowe pamwamba amene amati mkate wa ufuta, ndi zitumbuwa za mpunga ndi kokonati zimene amayi amagulitsa pakhomo pawo m'mabeseni. Mandasi a kuno amathiramo kokonati ndi zonunkhiritsa, ndipo awiri okha ndi tiyi wa jinja munthu umafika nawo masana. Pa zonsezi sitifikitsa n'komwe ndalama ya pepala ya 5,000 shilingi anthu awirife.

Masana ndi pamene pali nkhani. Pafupi ndi msika wa Darajani, umene unamangidwa mu 1904, pali amayi ophika m'timashedi amene amawatcha mama lishe. Kumeneko kumadya oyendetsa madaladala (maminibasi a kuno), onyamula katundu ndi ogulitsa mumsika. Mbale ya mpunga wophika ndi kokonati, nyemba, masamba ndi kansomba imakhala yodzaza moti nthawi zina timagula imodzi n'kuwonjezera chapati ziwiri, tonse n'kukhuta. Amayi amenewa akakuzolowera amakuwonjezera msuzi osalipiritsa. Nsima nayo imapezeka, ndipo tinsomba tawo touma ta dagaa timakoma ngati usipa wa ku Nkhotakota, kungoti ndi tamchere chifukwa ndi ta m'nyanja yaikulu.

Chakudya chimene ndikulakalaka mutadzalawa ndi urojo. Ndi msuzi wachikasu, wowawasira chifukwa amathiramo mango aawisi ndi ndimu. M'mbale amayamba kuikamo mbatatesi yowiritsa, timabajiya ta ufa wa nyemba, tchipisi touma ta chinangwa, dzira ngati mwafuna, ndi kanyenya wa ng'ombe wowotcha pa kamtengo, kenako n'kuthira msuziwo pamwamba ndi tsabola. Poyamba mpongozi wanu ankaukayikira, ankati chakudya chosakaniza chonchi sichingakhale m'mimba. Lero ndiye amene amandikumbutsa kuti tikagule. Madzulo ambiri chakudya chathu ndi chimenechi, mbale ziwiri ndi madzi a nzimbe ofinya pomwepo, othira jinja ndi ndimu.

Mwezi ukatha tikalandira, timadzisangalatsa pang'ono. Timapita ku Lukmaan, lesitilanti ya ku Mkunazini imene ili pafupi ndi mtengo waukulu wa mlambe. Chakudya chimakhala poonekera, umaloza chimene ukufuna, ndipo mtengo umaudziwa usanadye. Azungu amabwerako ambiri, koma eni dera nawo amadya pomwepo. Kumeneko ndi kumene ndinalawa pweza, chinyama cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, chophika mu msuzi wa kokonati. Ndikudziwa kuti Achemwali muchita nacho nyansi mukawerenga, koma n'chokoma zedi. Ku Malindi, kufupi ndi doko, kuli lesitilanti ina yakale ya Passing Show yodziwika ndi biriyani ndi pilawu, zakudya za mpunga wa nyama ndi zonunkhiritsa. Kumeneko muyenera kufika masana msanga, chifukwa biriyani sachedwa kutha.

Mkunazini ndi malo amene amandikhudza mtima nthawi zonse, Amayi. Pafupi pomwepo pali tchalitchi chachikulu cha Anglican, Christ Church, chimene Bishopu Edward Steere anayamba kumanga mu 1873, chaka chomwe msika wa akapolo unatsekedwa, pamalo penipeni pamene panali msikawo. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo ankachokera kwathu kunyanja. Ankawawolotsa pa ngalawa za Jumbe kuchokera ku Nkhotakota, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kenako kuno. M'kati mwa tchalitchicho muli mtanda wosema kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone ku Chitambo. Amishoni a Anglican omwewo, a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa), ndi amene anamanganso tchalitchi cha St Peter's ku Likoma. Lamlungu timapemphera kumeneko, ndipo ndikamatuluka kukadya mpunga pafupi pomwepo ndimakumbukira nkhani zimene Agogo ankatisimbira pansi pa mkuyu. Ife tinabwera ndi mapasipoti, mwa kufuna kwathu, ndipo timalipidwa. Sindiiona mopepuka nkhani imeneyi.

Ku Forodhani, paki ya m'mbali mwa nyanja kutsogolo kwa linga lakale, usiku kumakhala msika wa zakudya. N'kokongola, nyali zili ngwee, anyamata akudumphira m'nyanja dzuwa likamalowa. Timapitako kukapitidwa mphepo, koma nsomba ndi nkhanu zimene amayala pamatebulo sitigula chifukwa mitengo yake ndi ya alendo. Tikafuna kulawa kanthu timagula chimene amachitcha pizza ya ku Zanzibar, kachapati kopyapyala kokulungamo nyama yogaya, anyezi ndi dzira, n'kukazinga pa chiwaya. Timafunsa mtengo tisanaitanitse, ndipo timalankhula Chiswahili. Chiswahili chochepa chimene ndinatola kwa akuluakulu a kwathu kunyanja chandithandiza kwambiri pa nkhani ya mitengo.

Anthu ambiri kuno ndi Asilamu, kotero nkhumba simungaione, ndipo m'mwezi wa Ramadan malesitilanti a anthu wamba amatseka masana onse. Nthawi imeneyo timaphika tokha, ndipo ndalama zimatuluka zambiri kuposa miyezi ina. Ubwino wake aneba athu amatipatsa futari madzulo akamamasula, chinangwa chophika mu kokonati ndi phala la tsabola, ndipo ife timawabwezera mbale muli kenakake.

Ndiye Amayi, ndalama imene ndimatumiza mwezi ndi mwezi ikutheka chifukwa cha kadyedwe kameneka. Ya mwezi uno nditumiza pa foni ya Achemwali ndikangolandira. Mugulepo feteleza kaye, yotsalayo ikhale ya fizi ya mwana wa Achemwali. Mundiuzenso ngati denga la khitchini linakonzedwa mvula isanayambe, ndi mmene mpunga wa kudimba wachitira chaka chino. Akapezeka munthu wodalirika wobwera ku Dar es Salaam, mutitumizireko ufa wa kondowole pang'ono ndi chambo chouma. Pa boti kuchokera kumeneko ndi ulendo wa maola awiri okha, ndikhoza kukatenga ndekha tsiku lopuma.

Moni kwa Amalume, kwa Azakhali ndi kwa onse a kutchalitchi.

Ndine mwana wanu,
kuno ku Zanzibar.